Mbiri ya Cybernetica, Nyumba ya Ofufuza ya ku Tallinn

Kumpoto kwa Ulaya, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kuli dziko laling'ono lotchedwa Estonia, limene anthu ake onse, tikawerenga ndi makanda omwe, sakwana 1.4 miliyoni, ndipo lingakhale lilibe migodi ya golide kapena khamu la nkhondo loti mitundu ina n'kulichitira mantha, mbiri yake yawanda kutali chifukwa cha chinthu chimodzi, ndicho chakuti munthu wa kumeneko, akafuna kukhoma msonkho, kulembetsa kampani, kusayina pangano kapena kusankha phungu wa ku nyumba ya malamulo, sasowa kulawirira mbandakucha kukaima pa mzere pakhomo la ofesi, koma atha kutsiriza zonsezo ali khale m'nyumba mwake. Nduna ndi alembi aakulu a maboma akutali, ndi a mu Africa muno omwe, amakwera ndege kunka ku Tallinn, likulu la dzikolo, kukadzionera okha chodabwitsachi. Ndipo pobwerera kwawo amakonda kusimba za atsogoleri achinyamata amene anatenga dziko litangomasuka, monga Mart Laar amene anakhala nduna yaikulu mu 1992 ali ndi zaka 32 zokha, kapena Toomas Hendrik Ilves amene anachonderera kuti sukulu zonse zilumikizidwe ku intaneti. Zimenezo n'zoona ndithu, ndipo sitifuna kuwalanda ulemu wawo amuna amenewo. Koma wandale amangolamula kuti chinthu chichitike, ndipo ngati m'dzikomo mulibe manja odziwa kuchichita, lamulo lakelo limathera pa pepala. Manja otero ku Estonia analipo kale, ataleredwa zaka makumi atatu m'nyumba ina ya ofufuza imene alendo ambiri samva n'komwe dzina lake, ndiyo Institute of Cybernetics, mayi wake wa kampani ya Cybernetica.

Chiyambi cha nyumbayi chili m'masiku a ukapolo wa dzikolo. Estonia inamezedwa ndi Soviet Union mu 1940, ndipo itakhala m'manja mwa Ajeremani zaka zitatu za nkhondo, inabwezedwanso m'goli la Moscow mu 1944, nikhala momwemo kufikira 1991. M'masiku a Stalin, wolamulira wa Soviet Union, sayansi yatsopano imene Norbert Wiener wa ku America anaitcha cybernetics m'buku lake la 1948, yofufuza momwe makina, zamoyo ndi mabungwe zimadziwongolera mwa kulandira ndi kubweza mauthenga, inkayesedwa bodza la adani, ndipo munthu wophunzira sakanaiyamikira poyera osadziputira tsoka. Koma Stalin atatsikira kuli chete mu 1953, akuluakulu a nkhondo nawonso atazindikira kuti mizinga ndi zombo za mumlengalenga sizingawongoleredwe popanda makina owerengera, chonyozekacho chinasanduka chapamtima, kotero kuti mu 1960 Wiener mwini wake anafika ku Moscow nalandiridwa ndi ulemu. M'chaka chomwecho bungwe la akatswiri a sayansi la ku Estonia linatsegula nyumba imene tikunenayi, niliika pa mpando Nikolai Alumäe, katswiri wa masamu ofotokoza momwe zigoba zopyapyala zachitsulo zimapindikira ndi kunjenjemera zikapanikizidwa. Nthawi imeneyo kompyuta yoyamba inali itangofika kumene m'dzikomo, ya mtundu wa Ural-1, imene inaikidwa pa yunivesite ya Tartu mu 1959, chimphona chodzaza chipinda chimene lero foni ya mwana wa sukulu ingachiseke.

Ine ndiyesa kuti chimene chinakokera ana anzeru a Estonia m'nyumba imeneyi sichinali chikondi cha makina chokha ayi. Mnyamata wophunzira malamulo, mbiri yakale kapena zachuma m'masiku amenewo anayenera kubwereza ziphunzitso za chipani, kaya akuzikhulupirira kaya ayi. Koma masamu alibe chipani, ndipo mtumiki wa Moscow sakanalamula kuti yankho lolakwa likhale lolondola. Potero munthu akanatha kukhala m'nyumbamo moyo wake wonse, kugwira ntchito yoona, chikumbumtima chake osachidetsa. Alumäe atatula pansi udindo mu 1969, anamulowa m'malo Boris Tamm, ndipo Tamm atapita kukatsogolera sukulu ya ukachenjede ya zaumisiri ya ku Tallinn mu 1976, mpando unagwera Hillar Aben, amene anatchuka ndi luso loyeza ndi kuwala kupanikizika kobisika m'kati mwa galasi. M'zipinda zina Enn Tõugu ndi anzake ankafufuza momwe kompyuta ingadzipangire yokha pulogalamu munthu atangoifotokozera vuto lake, enanso ankaphunzitsa makina kulankhula Chiestonia, chilankhulo chimene ku Moscow kunalibe wochilabadira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amisiri a nthambi ya bungweli yotchedwa EKTA anakonza kompyuta yaing'ono ya m'sukulu, dzina lake Juku, imene inayamba kupangidwa mu 1988 ku fakitale ina ya ku Narva. Inali yofooka poyerekeza ndi za ku America za nthawi yomweyo, ndipo zinapangidwa zikwi zowerengeka chabe. Komabe ana ambiri amene pambuyo pake anadzamanga mabanki ndi maofesi a pa intaneti a dzikolo anakhudza kompyuta koyamba pa kachipangizo kameneka.

Ufulu unafika mu August 1991, ndipo unadza ndi njala yake. Ndalama za kafukufuku zimene zinkachokera ku Moscow zinauma tsiku limodzi, malipiro anasanduka chabe, ndipo akatswiri ambiri anabalalika, ena kunka kunja, ena kukalowa ntchito m'mabanki atsopano. Ülo Jaaksoo, amene anatenga utsogoleri mu 1989, anaona kuti dziko lobadwa kumene lidzasowa chinthu chimene mu ulamuliro wakale chinali chosaloledwa kwa munthu wamba, ndicho luso lobisa ndi kuteteza mauthenga, pakuti m'masiku a Soviet luso limeneli linali la asilikali ndi azondi a boma okha. Tsono anasonkhanitsa achinyamata odziwa masamu nawauza kuti aliphunzire kuchokera pachiyambi. Mu 1997, pamene boma linakonzanso kayendetsedwe ka sayansi ndi kupereka nyumba za ofufuza ku mayunivesite, bungweli linagawika pawiri: a masamu ndi a kafukufuku wozama analowa pansi pa yunivesite ya zaumisiri ya Tallinn natenga dzina lakale, ndipo a ntchito zamanja ndi a chitetezo cha mauthenga anatuluka ndi Jaaksoo nakhala kampani ya boma yotchedwa Cybernetica, imene pambuyo pake inachoka m'manja mwa boma. M'zaka zoyambazo inkapezanso chakudya chake mwa kupanga nyale zotsogolera sitima panyanja ndi zipangizo za wailesi zolondera gombe.

Funso limene achinyamata aja anayamba kulimbana nalo linkaoneka ngati la anthu osowa chochita. Kalata ya pa pepala ili ndi umboni wake m'thupi mwake momwe: inki imasuluka, pofufuta pamaoneka, dzanja la mlembi limadziwika. Koma cholembedwa cha pa kompyuta chitha kusinthidwa usiku ndi kuoneka m'mawa ngati sichinakhudzidwe; nanga woweruza milandu adzadziwa bwanji, patapita zaka khumi, kuti chikalata ichi chinalipo pa tsiku lakutilakuti, ndi kuti palibe anachisintha, ngakhale wosunga chidindo mwini wake? Mu 1998 Ahto Buldas, Peeter Laud, Helger Lipmaa ndi Jan Willemson anapereka yankho lawo pa msonkhano waukulu wa akatswiri a lusoli wotchedwa CRYPTO, ku California, nasonyeza njira yomangira chidindo cha nthawi chilichonse ku zidindo zimene zinachitsogolera, monga mphete za unyolo, kotero kuti wofuna kunamiza chimodzi ayenera kunamiza zonse, ndiponso kuti wofuna kutsimikiza asasowe kuyenda unyolo wonsewo. Pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 2000 lamulo lakuti siginecha ya pa kompyuta ili ndi mphamvu yofanana ndi ya cholembera, m'dzikomo munali kale anthu odziwa chimene lamulolo linkafuna kuti likhale loona, osati mawu okoma chabe.

Tsono tafika pa ntchito imene inatchukitsa nyumbayi koposa zonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 unduna uliwonse unali utadzigulira makompyuta ake ndi kudzimangira kaundula wake, apolisi wawo, a msonkho wawo, a galimoto wawo, a malo wawo, ndipo akaundulawa sankamvana. Munthu ndiye anali mthenga, kunyamula chikalata kuchokera pa zenera ili kunka nacho pa zenera ilo, kukauza boma zimene boma lomwelo linkazidziwa kale. Maiko olemera akakumana ndi vuto lotere ankamanga chinkhokwe chimodzi chachikulu cha mauthenga onse pa likulu. Estonia inalibe ndalama zotero, ndiponso inali itapsa kale chala, pakuti chapakati pa zaka zomwezo katswiri wina amene ankagwirira ntchito maofesi a boma anaphatikiza akaundula angapo pamodzi, zinsinsi za anthu n'kuyamba kugulitsidwa mobisa. Anthu amene anakulira pansi pa maso a azondi a Soviet otchedwa KGB sanafune kumva za nyumba imodzi yodziwa zonse za aliyense. Chotero akuluakulu a boma oyang'anira za makompyuta, Arvo Ott, Uuno Vallner ndi Ahto Kalja, pamodzi ndi amisiri a Cybernetica motsogozedwa ndi Arne Ansper, anasankha njira ina, imene aliyense wokulira kumudzi angaimve msanga: banja lililonse lisunge chimanga m'nkhokwe yakeyake, kuti moto ukagwa pa imodzi mudzi wonse usagone ndi njala, koma pakhale njira yolambulidwa bwino pakati pa makomo, ndi mwambo wodziwika wa kapemphedwe ndi kaperekedwe. Njirayo anaitcha X-tee, imene kunja imadziwika kuti X-Road, ndipo inatsegulidwa mu December 2001.

Kayendedwe kake n'koyenera kukaona pafupi. Pakhomo pa kaundula aliyense pamakhala kompyuta yaulonda, ndipo palibe uthenga umalowa kapena kutuluka osadzera mwa iyo. Tiyerekeze kuti wapolisi waimitsa galimoto pamsewu wa ku Tartu, ndipo woyendetsa wasiya laisensi yake kunyumba. Wapolisiyo amalemba nambala ya munthuyo, ya manambala 11, imene nambala yake yoyamba imanena ngati ali mwamuna kapena mkazi ndi zaka za zana limene anabadwiramo, zisanu ndi imodzi zotsatira n'kunena tsiku lobadwa. Mlonda wa kupolisi amatenga funsolo, nalisayina m'dzina la apolisi, nalitsekera kuti wapanjira asaliwerenge, nalitumiza molunjika kwa mlonda wa ku ofesi ya zamsewu, osadzera pa likulu lililonse. Mlonda wa uko amayamba wafunsa ngati wopemphayo alidi amene akudzitchayo, ndiponso ngati pali pangano lolola apolisi kufunsa funso la mtundu umenewu. Zikatero amayankha chokhacho chafunsidwa, kuti laisensi ilipo kapena palibe, nasayina yankholo. Mbali zonse ziwiri zimasunga funso ndi yankho m'buku lodindidwa ndi chidindo cha nthawi, kotero kuti mawa wapolisi sangakane kuti anafunsa, ndipo ofesi singakane chimene inayankha. Zonsezi zimatha woyendetsa uja asanatsirize kupereka moni. Chimene chili pa likulu ndi mndandanda chabe wa mamembala ndi zikalata zowatsimikizira, ndipo ngakhale likululo litazima kwa kanthawi, alonda amapitiriza kulankhulana.

Apa m'pamene pagona nzeru yonse, ndipo alendo ambiri amapaphonya chifukwa maso awo amathamangira ku liwiro. Ofufuza a ku Tallinn sanafunse kuti boma lingafulumire bwanji; anafunsa kuti ofesi ingakhulupirire bwanji mawu a ofesi inzake imene siikuiona, ndi kuti munthu wamba angagwire bwanji kalaliki wosuzumira m'zinsinsi zake. Lero nzika itha kulowa pa tsamba la boma ndi kuona maofesi amene afunsa za iyo m'akaundula akuluakulu, ndi tsiku lake. Ndipo alipo antchito a boma amene analangidwa chifukwa chotsegula mbiri ya munthu popanda chifukwa cha ntchito. Lamulo linawonjezanso mfundo yakuti boma lisafunse nzika kawiri chinthu chimene linauzidwa kale.

Njira yopanda oyendamo imamera udzu, ndipo chimene chinalowetsa anthu wamba m'njirayi ndi chiphaso cha unzika chokhala ndi kachipangizo kosunga zifungulo zachinsinsi, chimene chinayamba kuperekedwa mu January 2002, chokakamiza kwa aliyense wa zaka 15 kunka m'tsogolo. Chili ndi manambala achinsinsi awiri, yoyamba ya manambala anayi yonenera kuti ndine, yachiwiri ya manambala asanu yonenera kuti ndavomera. Mu October chaka chomwecho mameya a Tallinn ndi Tartu anasayinirana pangano loyamba mwa njira imeneyi. Komabe kwa zaka zingapo anthu ambiri ankangochisunga m'chikwama, kufikira mabanki, amene anali atazoloweretsa kale anthu kuona ndalama zawo pa intaneti, anachepetsa ndalama zimene munthu angatumize ndi njira zakale, anthu n'kuyamba kufunafuna kumene anaika envelopu ya manambala aja.

Ntchito ya chisankho ndiyo imene yabweretsera Cybernetica ulemu ndi mikangano pamodzi. Kampaniyi inalemba pulogalamu imene inagwira ntchito pa chisankho cha makhonsolo cha 2005, pamene anthu 9,317 anaponya voti pa intaneti, koyamba pa dziko lapansi kuti mtundu wonse uloledwe kutero pa chisankho chenicheni. Pofika chisankho cha aphungu cha 2023, mavoti a pa intaneti anapitirira theka la onse. Poopa kuti mwamuna angaimirire kumbuyo kwa mkazi wake, kapena bwana kumbuyo kwa wantchito, namuuza woti asankhe, anakonza kuti munthu athe kuvotanso kangapo m'masiku ovotera msanga, voti yotsiriza ndiyo iwerengedwe, ndipo akapita kukaponya ya pepala, ya pepalayo ifafanize zonse. Mu 2014 gulu la ofufuza akunja, mmodzi mwa iwo J. Alex Halderman wa ku yunivesite ya Michigan, linalengeza kuti dziko lamphamvu lofuna kusokoneza likanatha kuipitsa makompyuta a ovota kapena a owerengera, nililangiza Estonia kuti ileke. A chisankho anakana kuleka, ndipo mawu anakula mbali zonse. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pofika 2017 panabwera pulogalamu yatsopano imene imalola oyang'anira kutsimikiza mwa masamu kuti mavoti anawerengedwa bwino popanda kuona amene anavotera yani. Kunena zoona, nkhaniyi sinathe. Voti ya pepala gogo aliyense atha kuima ndi kuona ikuwerengedwa. Ya pa intaneti amaimvetsa ndi akatswiri owerengeka, otsalawo amangokhulupirira, ndipo chipani china chachikulu m'dzikomo chikali kuikayikira, ngakhale madandaulo ake a mu 2023 bwalo lalikulu linawakana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu April 2007, boma litasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet kuchoka pakati pa Tallinn, masamba a intaneti a mabanki, a nyuzipepala ndi a maunduna anathiridwa nkhondo kwa milungu itatu, ndipo chaka chotsatira NATO inatsegula mumzindamo likulu lake lofufuza za nkhondo zotere. Choopsa koposa chinadza mu 2017, osati kwa adani koma kwa ofufuza a ku yunivesite ya Masaryk ku Brno, amene anapeza kuti kachipangizo ka kampani ya Infineon kankapanga zifungulo zofooka, zotheka kuzithyola. Ziphaso pafupifupi 760,000 za ku Estonia zinali ndi kachipangizo kameneko. Boma silinabise; nduna yaikulu inauza mtundu poyera, ndipo mu November mphamvu ya ziphasozo inaimitsidwa kufikira eni ake atazikonzanso, ambiri ali kunyumba kwawo pa kompyuta, ena ataima pa mizere italiitali kupolisi. Chimene chinachepetsa ululu n'chakuti panali kale makomo ena, wa pa foni wotchedwa Mobile-ID ndi winanso wotchedwa Smart-ID, umene masamu ake ogawa chifungulo pawiri, theka pa foni theka kwa wopereka ntchitoyo, anachokera ku Cybernetica komweko.

Kafukufuku amene ine amandigwira mtima koposa ndi wina wosatchuka kwenikweni. Akuluakulu a maphunziro ankadandaula kuti ophunzira za makompyuta ambiri satsiriza digiri, ndipo ankaganiza kuti chifukwa chake n'chakuti makampani amawalemba ntchito akali pa sukulu. Kuti zitsimikizike panafunika kuphatikiza kaundula wa msonkho ndi wa maphunziro, chinthu chimene malamulo oteteza zinsinsi sakanachilola mwachisawawa. Dan Bogdanov ndi anzake anali atakonza njira yotchedwa Sharemind, imene imaphwanya nambala iliyonse m'zidutswa zitatu zopanda tanthauzo, n'kupereka chidutswa chimodzi kwa wosunga mmodzi, kotero kuti makompyuta atatuwo amawerengera pamodzi ndi kutulutsa yankho la onse popanda ndi imodzi yomwe kuona malipiro a munthu aliyense. Mu 2015 anayendetsa mwa njira imeneyi zolembedwa za msonkho zoposa 10 miliyoni ndi za maphunziro zoposa theka la miliyoni. Makinawo anagwira ntchito masiku ambiri pa chiwerengero chimene mwa njira wamba chikanatha msanga, koma anasonyeza kuti boma litha kuphunzira za anthu ake osavula munthu aliyense.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Finland inatenga X-Road, ndipo mu 2017 maiko awiriwa anakhazikitsa bungwe la NIIS loti liziisamalira, pulogalamuyo itatsegulidwa kale kuti aliyense aitenge ulere. Cybernetica nayo inakonza mtundu wakewake wogulitsa, wotchedwa UXP, umene wakhazikitsidwa ku Ukraine m'dzina la Trembita, ndi ku Namibia ndi Benin mu Africa muno, kawirikawiri mogwirizana ndi e-Governance Academy, sukulu ya alangizi imene boma la Estonia, UNDP ndi Open Society Institute anaitsegula mu 2002. Koma kumene kaundula wa anthu ali wodzaza ndi mayina olakwika, kapena kumene unduna umaumira mauthenga ake ngati chuma cha mwini, alonda aja amangoima pakhomo popanda chowapatsirana, ndipo vuto limenelo si la amisiri kulithetsa. Kwawo ku Tallinn, theka lina lija la nyumba yakale, limene linatsala ndi dzina la Institute of Cybernetics, linakhala pansi pa yunivesite zaka makumi awiri, kufikira pamene yunivesiteyo inakonzanso nthambi zake kumayambiriro kwa 2017, ofufuza ake n'kugawidwa, ena ku dipatimenti ya cybernetics, ena ku ya sayansi ya mapulogalamu.